Momwe Mungalasire Gwape Pamalo Oyenera ndi Uta Kapena Mfuti

Chaka chilichonse, Loweruka la sabata yotsogolera chikondwerero cha Thanksgiving mu Novembala, alenje a ku Wisconsin m'dziko la America amayamba masiku 9 osaka agwape ndi mfuti, atavala zowala za mtundu wa lalanje kuti anzawo aziwaona patali. Gwape wawo ndi uja wa mchira woyera kunsi, yemwe thupi lake silisiyana kwenikweni ndi la mbawala. Kaya mwanyamula mfuti kapena uta, cholinga n'chakuti nyama ife msanga osazunzika, ndipo zimenezi zimadalira malo amene mwalasa.

Choyamba, dziwani kumene kuli mtima ndi mapapo. Ziwalozi zili m'chifuwa, kuseri kwa mwendo wamwamba, ndipo malo odalirika ndi aakulu ngati mbale yodyera, pafupifupi masentimita 20. Gwape akaima chopingasa, kukuonetsani nthiti zake zonse, tsatani ndi maso mzere wa kumbuyo kwa mwendowo, mukwere mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera kunsi, ndipo mulunjike pamenepo. Mukaphonya pang'ono chakumwamba mupezabe mapapo, chakunsi mupeza mtima.

Chachiwiri, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa, musamangoganiza za pamene muvi kapena chipolopolo chilowere, koma pamene chikatulukire. Gwape akaima chokufulatirani pang'ono, malo a kuseri kwa mwendo aja sakhalanso oyenera, chifukwa muvi ungoboola phapo limodzi n'kutulukira kutsogolo. Lunjikani chakumbuyo pang'ono, pa nthiti zomalizira, ngati kuti mukufuna kuthyola mwendo wamwamba wa tsidya linalo, kuti muvi udutse m'chifuwa monse. Kwa mlenje wa uta, kaimidwe kameneka ndi kabwino koposa, pakuti fupa la phewa limakhala litachoka panjira komanso nyamayo sikumuona akamakoka nsinga. Mfundo yomweyi igwiritseni ntchito mukakhala pansanja mumtengo: nyama ikayandikira tsinde, muvi uyenera kulowa chakumwamba kuti ukatulukire kunsi kwa mbali inayo, ndipo ikafika pansi panu penipeni ndi bwino kuidikira ipitirire.

Chachitatu, kumbukirani kuti zida ziwirizi sizipha mofanana. Muvi umacheka mitsempha ndipo nyama imafa chifukwa chotaya magazi, choncho uyenera kupewa mafupa olimba, pamene chipolopolo chamfuti yamphamvu chimatha kuswa phewa. Gwape woyang'ana chakomwe muli angawomberedwe ndi mfuti pakati pa khosi ndi phewa, koma wa uta amuleke. Muvi umayendanso pang'onopang'ono kusiyana ndi liwu la nsinga, moti gwape watcheru amanyuta kuti adumphe muviwo usanafike, n'chifukwa chake alenje a uta amalunjika chakunsi ndipo ambiri sapitirira mamita 30.

Za kumutu ndikukaniza ndithu. Ubongo wa gwape ndi waung'ono, mutu sukhazikika, ndipo kuphonya pang'ono kumangothyola nsagwada, nyamayo n'kukafa ndi njala patapita masiku. Nyama yothamanga kapena yokufulatirani kotheratu musaiwombere, ndiponso musakhethemule mfuti musanaone bwino chimene chili kuseri kwake.

Chachinayi, mukalasa musathamange. Sungani m'maso malo amene gwape anaima ndi mtengo umene wazimiririkira, mudikire mphindi 30, kenako mupite mukaunike magazi ndi muvi. Magazi owala okhala ndi tithovu akusonyeza mapapo, ndipo nyamayo nthawi zambiri imagwa isanapite kutali. Magazi oderako ngati akuda ndi a chiwindi, ndiye dikirani maola osachepera 4. Mukapeza zobiriwira zonunkha zosakanikirana ndi tizidutswa ta masamba, mwalasa m'mimba, ndipo bwererani mwakachetechete mukadikire maola 8 mpaka 12, chifukwa gwape wotere amakagona pafupi, koma mukamudzidzimutsa amathawa mtunda wautali osasiya dontho. Polondola magazi, yendani m'mbali mwa mapazi ake kuti musawafute, muziika chizindikiro pa dontho lomaliza, ndipo mukamupeza mumufikire chakumsana n'kumukhudza diso ndi kamtengo kuti mutsimikize kuti wafa musanatulutse mpeni.