Ndere za m'nyanja ya mchere zichiza chithokomiro?

Abale athu a ku Cape Town, ku Dar es Salaam ndi ku Britain ayamba kutitumizira timapaketi ta masamba ouma, akuda ngati fodya wachikopa, ati ndi mankhwala a chithokomiro. Ena mwaonanso ufa wake ukutsatsidwa pa Facebook. Pamisonkhano ya amayi funso limabwera lomwelo: "Alangizi, zimenezi n'zoona?" N'zoona ndithu, koma pali pofunika kumvetsa musanayambe kubwira.

Masambawo ndi ndere zomera m'nyanja ya mchere, zimene Aswahili amati mwani. Anthu a m'mphepete mwa nyanja zikuluzikulu anayamba kalekale kuzidya. Ku Monte Verde, kum'mwera kwa Chile, ofukula zakale anapeza zotsalira zake pamalo amene pankakhala anthu zaka pafupifupi 14,000 zapitazo, zina zili zotafunatafuna. Ku Korea mayi akachira amamuphikira msuzi wa ndere yotchedwa miyeok, monga ife timatakasira phala la mchembere. Ku Ireland ankawiritsa carrageen mu mkaka n'kumwetsa wodwala chifuwa.

Za chithokomiro anayamba ndi asing'anga a ku China, zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ankapatsa ndere anthu otupa pakhosi, ambiri n'kumaphwa, koma chimene chinkachiza sankachidziwa. Chinadziwika mu 1811 ku France. Bernard Courtois ankasungunula phulusa la ndere, ngati mmene agogo athu amachezera chidulo, pofuna mchere wopangira wonga wa mfuti. Tsiku lina anathira asidi wochuluka, mumphika munafuka utsi wapepo. Ameneyo ndiye ayodini, amene akasowa m'thupi munthu amatha kudwala chithokomiro. Mu 1820 dokotala wa ku Geneva, Jean-François Coindet, anayamba kumwetsa ayodini odwala chithokomiro. Zotupa zinaphwa, koma ena mwa odwalawo anayamba kunjenjemera manja, mtima kuthamanga, thupi kutha. Ayodini anali atachuluka.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wamkulu amafuna mamaikulogalamu 150 a ayodini patsiku, mayi woyembekezera 250. N'kachinthu kochepa koti simungakaone ndi maso. Tsono galamu imodzi yokha ya kombu wouma, ndere yabulauni imene a ku Japan amaphikira msuzi, ingathe kukhala ndi ayodini wa sabata yathunthu. Munthu wothira supuni ya ufa wotere m'phala m'mawa uliwonse angadzidwalitse nthenda yomwe akuithawayo.

Choncho paketi ikafika, yambani mwawerenga dzina. Nori, timapepala takuda topyapyala tija, ali ndi ayodini wochepa poyerekeza ndi kombu. Mungadye ngati ndiwo mwa apo ndi apo popanda nkhawa. Kombu dulani kachidutswa kongati chala, muwiritse mu msuzi wa banja lonse, kenaka muvuule, ndipo isakhale ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Hijiki isiyeni: mu 2004 bungwe loona za chakudya ku Britain, Food Standards Agency, linachenjeza anthu kuti asadye chifukwa imasunga poizoni wa arsenic. Ufa wopanda dzina, womangidwa m'jumbo, ine sindingamwetse mwana wanga, kaya wogulitsayo alumbire bwanji.

Zochokera ku Zanzibar n'za mtundu wina. Kumeneko ulimi wa mwani unayamba mu 1989, m'midzi monga Paje ndi Jambiani, ndi mbewu yochokera ku Philippines. Nyanja ikaphwa mudzaona amayi atakhala m'madzi olekeza m'chiuno, akumangirira tinthambi ta mwani kuchingwe chokokedwa pakati pa zikhomo ziwiri. Pakapita masabata asanu ndi limodzi amakolola n'kuyanika padzuwa. Wambiri amapita kunja kukapangira zolimbitsa mankhwala otsukira mano ndi ayisikilimu. Ngati mwalandira wotere, mutsuke bwino, pakuti amabwera ndi mchenga ndi mchere wambiri.

Wina anandifunsa ngati ndere za padamu lathu sizingagwire ntchito yomweyo. Ayi, musayerekeze. Ayodini wochuluka ali m'madzi a nyanja ya mchere, ndipo ndere zina zobiriwira zoyandama pamadzi osayenda zili ndi poizoni wopha ngakhale ng'ombe.

Amene khosi latupa kale, kaya ndi mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ayambe wapita kuchipatala asanalawe chilichonse mwa zimenezi. Si chithokomiro chilichonse chimene chimadza chifukwa chosowa ayodini, ndipo china mukachiwonjezera ayodini chimakula.

Ife a kumtunda, kutali ndi nyanja ya mchere, njira yathu ndi imene a ku Switzerland anayamba mu 1922, yothira ayodini mu mchere wa patebulo. Ndi yotchipa, ndipo muyeso wake ndi woyezedwa kale. Vuto ndi kasungidwe. Pitani pamsika muone: mchere uli pathumba, m'timilu, dzuwa likuwomba tsiku lonse, madzulo chinyezi n'kulowa. Ayodini amauluka pang'onopang'ono. Gulani wa m'paketi yotseka yolembedwa kuti muli ayodini. Mukafika kunyumba, khuthulirani m'botolo louma la chivindikiro, muike kutali ndi mafuwa, osati pamwamba pa moto pamene ambiri timapachika. Thirani ndiwo zitatsala pang'ono kupsa.

Inu a kondowole, ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota, muli ndi ntchito ina yowonjezera. Chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimasiya m'thupi zinthu zotchinga ayodini kuti asagwire ntchito. Musachivuule msanga chifukwa cha njala ya tsiku limodzi. Chisiyeni m'madzi mpaka chifewe, muchitsuke, chiume gwa musanasinje.