Malamulo a sukulu ku Indiana: amalemba ndani, ndipo kholo lingalankhulepo liti?

Kwathu, Unduna wa Zamaphunziro ukalengeza chinthu ku Capital Hill, chimakhudza mwana wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa yemwe. Ku America sizili choncho. Boma la ku Washington lili ndi mbali yake, makamaka pa ndalama ndi pa ufulu wa ana, koma zoti mwana aphunzire chiyani, alembe mayeso ati, amalize bwanji sekondale, state iliyonse imagamula payokha. Ndiye inu a mumzinda wa South Bend ku Indiana musamangotengera zomwe akuuzani alamu anu a ku Niles kapena ku Berrien Springs. N'pafupi ndithu, koma kumeneko n'ku Michigan, malamulo ake ndi ena.

Ku Indiana, lamulo lalikulu amakhazikitsa ndi aphungu a General Assembly ku Indianapolis, ndipo za maphunziro zili mu Title 20 ya Indiana Code. Koma aphungu nthawi zambiri amangoloza njira. Tsatanetsatane amalemba ndi State Board of Education, bodi ya anthu 11, mogwirizana ndi Department of Education, womwe tingati ndi unduna wa state. Zimene bodiyi yavomereza zimalowa mu Indiana Administrative Code, pa Title 511, ndipo sukulu zimayenera kuzitsata ngati lamulo lina lililonse. Pansi pake ndiye pali bodi ya sukulu za m'dera lanu, ya mabasi, kavalidwe ndi kalendala ija. Choncho aphunzitsi akakuuzani kuti "ndi lamulo", afunseni mwaulemu kuti ndi la ndani, chifukwa yankho lake ndi limene likuuzeni khomo loyenera kugogoda.

Bodi ya state siingadzuke m'mawa n'kusintha zinthu. Imayenera kulemba kaye zomwe ikufuna, kuwerengera ndalama zimene zidzalowe, kenako kusindikiza zonsezo mu Indiana Register, yomwe aliyense angawerenge pa intaneti osalipira. Anthu amapatsidwa masiku osachepera 30 oti apereke maganizo, pamakhalanso msonkhano woti aliyense akalankhule. Anthu akadandaula, pamabweranso nthawi yachiwiri yomva maganizo. Bodi ikavota, lamulolo limapita kwa Attorney General kuti aone ngati silikusemphana ndi malamulo ena, kenako kwa bwanamkubwa (Governor) wa state. Zonsezi zimatenga miyezi, ndipo miyezi imeneyi ndiyo nthawi ya kholo.

Wina anganene kuti n'zongonamizira, adagamula kale. Nkhani ya dipuloma ya sekondale mu 2024 ikutsutsa zimenezo. Aphungu atalamula kuti dipuloma ikonzedwenso, mu Malichi undunawu, motsogozedwa ndi Katie Jenner, udabweretsa madipuloma awiri, GPS Diploma ndi GPS Diploma Plus, otsamira kwambiri pa kuphunzira ntchito. Makolo ndi aphunzitsi adatumiza madandaulo zikwizikwi, ambiri akufunsa za maphunziro monga zilankhulo zakunja ndi mbiri ya dziko lapansi, omwe ankaoneka kuti akukankhidwira pambali. Mu Julayi mkulu wa Purdue University, Mung Chiang, adalemba kalata yonena kuti madipuloma amenewa sakukwaniritsa zomwe Purdue imafuna kwa ofunsira malo. Tangoganizani, mwana kumaliza sukulu ku Indiana koma osayenerera yunivesite ya boma ya ku Indiana komweko! Mu Ogasiti undunawu udataya madipuloma awiri aja n'kubwera ndi imodzi, yomwe mwana angawonjezerepo chidindo chosonyeza kuti wakonzekera koleji, ntchito kapena usilikali. Bodi idavomereza mu Disembala.

Kunena zoona, kalata ya mkulu wa yunivesite imalemera kuposa yanu ndi yanga. Komabe idagwera pamwamba pa mulu wa madandaulo a anthu wamba, ndipo mulu umenewu ndi umene udapangitsa kuti nkhaniyi isazizire.

Dipuloma yatsopanoyi, ya makirediti 42 (kirediti ndi mphambu imene mwana amapeza akakhoza phunziro) m'malo mwa 40 a dipuloma yakale yotchedwa Core 40, ikuyamba ndi ana omaliza mu 2029, kutanthauza amene adalowa giredi 9 mu 2025. Ngati muli ndi mwana wa msinkhu umenewu ndipo mukufuna adzapite ku yunivesite, pitani kwa counselor, mlangizi wa ana wa pasukulupo, chaka chisanapite patali, mukafunse kuti akutsata chidindo chiti. Musadikire giredi 12.

Popereka maganizo safunsa pasipoti kapena green card. Dziwani chabe kuti zimene mwalemba, ndi dzina lomwe, zimasungidwa m'mabuku a boma amene ena angapemphe kuona. Amene mapepala ake sanalongosoke angachite bwino kudutsira ku mpingo kapena ku bungwe la makolo. Mwanayo ndiye asakudetseni nkhawa: kuyambira pa chigamulo cha khoti lalikulu la America pa mlandu wa Plyler v. Doe mu 1982, sukulu za boma sizingakane mwana chifukwa cha mapepala. Polemba musayambe ndi malonje aatali monga timachitira kwathu. Tchulani nambala ya lamulolo ndi ndime imene ikukuvutani, nenani zomwe idzachite kwa mwana wanu, ndipo perekani chimene mukufuna chilembedwe m'malo mwake. Mizere isanu yonena za mwana amene wafika kuchokera ku Blantyre ali ndi JCE, akusowa kuti makirediti ake awerengedwe bwanji, imaposa tsamba lonse la mkwiyo.

Pali zina zomwe bodi singasinthe ngakhale mutalemba bwanji. Chitsanzo ndi mayeso a kuwerenga a IREAD. Aphungu ndi amene adagamula mu 2024 kuti mwana wolephera mayesowa abwereze giredi 3, kupatula magulu ochepa, monga ana amene sanathe zaka ziwiri akuthandizidwa kuphunzira Chingerezi. Dandaulo pa zimenezi lipite kwa phungu wa dera lanu, General Assembly ikamakumana kuyambira mu Januwale. Koma ngati mwana wanu wangofika kumene, funsani kusukulu ngati adalembedwa m'gulu la ophunzira Chingerezi, pakuti ana athu ambiri amachilankhula bwino pakamwa pomwe kuwerenga kukuwavutabe.

Amene muli ndi mwana wolumala kapena wovutika kuphunzira, sungani dzina ili: Article 7, kapena kuti 511 IAC 7, gawo la Indiana Administrative Code lonena za ana otere. M'menemo ndi mmene muli ufulu wanu wopempha kuti mwana ayezedwe, masiku amene sukulu ili nawo kuti iyankhe, ndi njira yodandaulira mukakana zomwe yagamula. Pempholo lembani pa pepala kapena pa imelo, muikepo deti, ndipo musunge kope yanu.