Malangizo a SIM800L: kulumikiza, kuyesa ndi kupeza vuto modemu ikakana netiweki

SIM800L ndi modemu yaing'ono ya kampani ya SIMCom imene imathandiza chipangizo kutumiza SMS, kuimba foni ndi kulowa pa intaneti kudzera pa simu khadi. Malangizo awa ndi a kabolodi kofiira kamene anthu amalumikiza ku mabolodi olembedwa pulogalamu a Arduino kapena ESP32, monga pa pampu ya kumunda, pa thanki ya madzi kapena pa kachipangizo kolondola galimoto. Modemuyi ndi ya 2G yokha, pa 850, 900, 1800 ndi 1900 MHz. Kumene kuli 4G koma 2G kulibe, siigwira ngakhale pulogalamu ilembedwe bwino motani. Choncho musanagule zambiri, ikani foni yanu pa 2G yokha, mukaime pamalo pamene chipangizocho chidzakhala, muone ngati foniyo ikugwira.

Magetsi

Buku la kampani likuti: pini ya VBAT, imene pa kabolodi yalembedwa VCC, ilandire mphamvu ya pakati pa 3.4 V ndi 4.4 V. Mphamvu yolimbikitsidwa ndi 4.0 V. Gwero la magetsi likhale lotha kupereka 2 A. Musaike 5 V. Musaike 3.3 V.

Mawu amenewa ndi ochepa, koma mavuto ambiri a modemuyi amachokera pomwepa. GSM, njira imene 2G imagwirira ntchito, siitumiza mosalekeza. Imatumiza mothamanga kwa kanthawi ka 0.577 ms, ndi kupuma, ndi kutumizanso, kamodzi pa 4.615 ms iliyonse. Pa kanthawi kameneko modemu imatha kukoka mpaka 2 A, makamaka ikakhala kutali ndi nsanja ya netiweki, chifukwa imakweza mphamvu kuti imvedwe. Nthawi yotsalayo imadya pang'ono. Mita wamba yoyezera magetsi siitha kuona kugwa kofulumira chotero, ndiye imakuonetsani 4.0 V yosagwedera pamene modemu ikuzima ndi kuyaka yokha.

Werengani nokha. Ngati mawaya ndi malumikizidwe ake ali ndi 0.25 ohm, pa 2 A mwataya 0.5 V. Munayamba ndi 4.0 V, pa pini pafika 3.5 V, ndipo pamenepo modemu imalemba UNDER-VOLTAGE WARNNING. Ikatsika pansi pa 3.4 V imalemba UNDER-VOLTAGE POWER DOWN ndi kuzima. Timawaya towonda ta pa breadboard timafika pa 0.25 ohm mosavuta, makamaka tikayamba kukhwefuka m'mabowo. Mawaya a VCC ndi GND akhale onenepa, aafupi, omatidwa ndi soda.

Gwero labwino ndi batire imodzi ya lithium ya mtundu wa 18650, imene imakhala 4.2 V ikadzaza, kapena kabolodi kotsitsa mphamvu ka LM2596. Kameneka kachunireni pa 4.0 V musanalumikize modemu, chifukwa kambiri kamabwera katachunidwa pamwamba. Pini ya 5 V ya Arduino ndi USB ya kompyuta sizikwanitsa 2 A. Ena amaika dayodi ya 1N4007 pa 5 V kuti idye pafupifupi 0.7 V. Njira imeneyi imaoneka ngati yagwira pa tebulo, koma mphamvu imene dayodi imadya imasintha ndi katundu: modemu ikapuma mphamvu imakwera mpaka OVER-VOLTAGE, ikayamba kutumiza imagwa. Chipangizo chokasiyidwa kumunda musachipangire chotero.

Buku limatchula kapasita ya 100 µF ya ESR yochepa, yoikidwa pafupi ndi pini. ESR ndi kukana kwa mkati mwa kapasita, kumene kumailepheretsa kutulutsa magetsi msanga. Pa ntchito yeniyeni onjezani ina ya 1000 µF pakati pa VCC ndi GND, miyendo yake yaifupi, yomatidwa pa kabolodi penipeni. Ikakhala kutali ndi masentimita 20 a waya, phindu lake latha. Samalani mwendo wa minus.

Kulankhulana ndi Arduino kapena ESP32

TXD ya modemu ipite ku RX ya bolodi, RXD ipite ku TX, ndipo GND zonse zikumane. Kuiwala GND ndiye chiyambi cha zilembo zachabechabe pa sikirini. Mapini a modemu amagwira pa 2.8 V, choncho TX ya Arduino Uno, imene imatulutsa 5 V, isapite molunjika. Ikani rezisita ya 1.8 k kuchokera ku TX kupita ku RXD, ndi ina ya 2.2 k kuchokera ku RXD kupita ku GND: pa RXD pafika 2.75 V. Pa ESP32 ikani 1 k ndi 5.6 k mwa njira yomweyo.

Modemu imalamulidwa ndi malamulo olemba oyamba ndi zilembo AT, ndipo imadzipezera yokha liwiro la mzere ikalandira AT koyamba. Tumizani AT kangapo mpaka iyankhe OK, kenako mukhomerere liwirolo ndi AT+IPR=9600 ndi kusunga ndi AT&W. Pa Uno yogwiritsa SoftwareSerial, pulogalamu yosandutsa mapini wamba kukhala RX ndi TX, musapite pa 115200, zilembo zimatayika panjira. Lamulo lililonse lithe ndi CR, baiti ya 13 yotsekera mzere. Lembaninso AT+CMEE=2 kuti modemu izinena chifukwa chake m'mawu m'malo mongoti ERROR.

Kanyale ka pa bolodi kamanena zambiri musanalembe kanthu. Kakaphethira pafupifupi kamodzi pa sekondi, modemu ikufunafuna netiweki. Kamodzi pa masekondi atatu, yalembetsa pa netiweki. Mofulumira, katatu pa sekondi, GPRS, deta ya pa 2G, yatseguka. Kakaphethira kangapo, n'kukhala chete masekondi ochepa, n'kuyambiranso, modemu ikuzima yokha: bwererani ku magetsi, musataye nthawi ndi pulogalamu.

Simu ndi kulembetsa

Simu ndi ya kukula kwa micro. Mbali yagolide iyang'ane ku bolodi, ndipo tsatirani kachithunzi kodindidwa pa chitsulo cha malo ake, chifukwa imalowa ngakhale mwaizondotsa. AT+CPIN? ikayankha READY zili bwino. SIM PIN ndiye kuti pali nambala yotsekera, kaichotseni mu foni. Ikati simu sinaikidwe, mwina mwaizondotsa kapena adaputa ya nano yapinda timano ta mkati.

Ku Zambia simu iliyonse iyenera kulembetsedwa malinga ndi malamulo a ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, munthu ndi reji yake, ndipo simu ya pa chipangizo siisiyana ndi ya mu foni. Iyeseni kaye mu foni: iimbe, itumize SMS, itsegule intaneti. Simu yokhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito kampani imatha kuitseka, ndiye lembani m'kaundula tsiku loikamo talk time ndi bundle pa chipangizo chilichonse. Vuto la bundle limapusitsa, chifukwa simu yopanda bundle imalembetsabe pa netiweki ndipo kanyale kamaoneka bwinobwino.

AT+CSQ imapereka mphamvu ya netiweki kuyambira 0 mpaka 31, ndipo 99 ndiye kuti modemu sikudziwa. Chulukitsani nambalayo ndi 2, muchotse 113, mwapeza dBm, muyeso wa mphamvu ya wailesi: 10 ndi -93, 20 ndi -73. Pansi pa 10, SMS imapitabe koma deta imadukaduka. Eriyo yaing'ono yopotana imene imabwera m'paketi ndi ya mtauni. Kumudzi ikani ya pa waya, yolowa pa kasoketi ka U.FL, ndipo ituluke kunja ngati bokosi ndi lachitsulo kapena lili pansi pa malata. Musayatse modemu popanda eriyo.

Kenako AT+CREG? Yang'anani nambala yachiwiri. 1 ndiye yalembetsa kwawo, 5 yalembetsa ngati mlendo pa netiweki ya ena, 2 ikufunabe, 3 yakanidwa. Pulogalamu yanu ivomereze 1 ndi 5 zonse ziwiri, makamaka ku malire monga Chipata, Chirundu ndi Nakonde, kumene simu imatha kugwira nsanja ya tsidya lina ndipo mtengo wa deta umasintha. Ikakhalitsa pa 2 pamene CSQ ili bwino, kawirikawiri ndi magetsi, chifukwa kulembetsa ndi nthawi yoyamba imene modemu imatumiza ndi mphamvu zonse. 3 ndi nkhani ya simu kapena ya IMEI, nambala yozindikirira modemu, imene mungaione ndi AT+GSN ndi kupita nayo ku kampani ya foni. Kuti mudziwe netiweki imene mwagwira, lembani AT+COPS=3,2 kenako AT+COPS?: 64501 ndi Airtel, 64502 ndi MTN, 64503 ndi Zamtel.

Kutsegula deta

APN ndi dzina la khomo limene kampani ya foni imalowetsera simu yanu pa intaneti. Koperani limene lili mu foni pamene simuyo ikugwira, chilembo ndi chilembo. Dongosolo la malamulo ndi ili, ndipo salumphidwa: AT+CIPSHUT, AT+CGATT? iyankhe 1, AT+CSTT ndi APN, AT+CIICR, AT+CIFSR, AT+CIPSTART ndi adiresi ndi poti ya seva, AT+CIPSEND. Mukaona chizindikiro cha > tumizani uthenga, mumalize ndi baiti ya 26, imene pa kiyibodi ndi Ctrl+Z.

Pali misampha iwiri. AT+CIICR imatha kutenga mpaka masekondi 85, ndipo pulogalamu yodikira masekondi awiri okha imasokoneza zonse zotsatira. AT+CIFSR imayankha adiresi ya IP yokha popanda OK, ndiye wodikira OK adikira mpaka kalekale. Mukasochera, AT+CIPSTATUS ikuuzani pamene mwaima, ndipo AT+CIPSHUT ikubwezerani poyambira.

Adiresi imene simu wamba imalandira ndi ya mkati mwa netiweki ya kampani. Simungachiitane chipangizo kuchokera kunja, ndicho chiyenera kuyamba kulankhula ndi seva. Mzere ukakhala chete nthawi yaitali netiweki imaudula mosachenjeza, choncho tumizani kauthenga kakang'ono mphindi zingapo zilizonse. Za HTTPS musayembekezere zambiri: ma SIM800L ambiri ali ndi TLS yakale, njira yobisira uthenga, imene maseva atsopano amakana. Ntchito yofuna chitetezo chotero kapena 4G ndi ya SIM7600, A7670 kapena Quectel EC25, ndipo malamulo a CPIN, CSQ ndi CREG ndi omwewo kumeneko.

Chipangizo chokakhala chokha chizitha kudzidzutsa. Malaiti akapita nthawi yaitali nsanja zina zimazima, ndipo netiweki ikabwerera si nthawi zonse pamene modemu imabwerera nayo. Pulogalamu ifunse CREG mphindi iliyonse. Ikalephera kwa mphindi zisanu, itumize AT+CFUN=1,1. Ikalepherabe, ikokere pini ya RST pansi kwa 200 ms, ndipo zikakanika idule magetsi a modemu ndi MOSFET, swichi yoyendetsedwa ndi pini ya bolodi, kwa masekondi khumi. Nthawi yodikira pakati pa kuyesa izitalikira, mphindi imodzi, ziwiri, zinayi mpaka theka la ola, kuti batire isathere pa kufunafuna nsanja yozima.