Mivi ya exception pojambula control flow graph

Mwezi wathawu ndinatha madzulo atatu kunyumba kwanga ku Area 25 ndikulimbana ndi kachida kanga kowerenga code ya Python. Ntchito yake ndi kundiuza ngati fayilo yatsegulidwa koma osatsekedwa. Kankati zonse zili bwino, chikhalirecho pulogalamu yowerengera matumba a chimanga ya depoti ina ku Kanengo inkasiya mafayilo ali yasa. Cholakwika chinali pa control flow graph yanga: ndinangojambula njira zimene pulogalamu imayenda zinthu zikakhala bwino.

Graph imeneyi, monga anaifotokozera Frances Allen wa ku IBM mu 1970, ndi mabokosi ndi mivi. Bokosi lililonse umalowera pamwamba, n'kutulukira pansi. Koma exception, vuto lodukiza pulogalamu ikuyenda, imakutulutsa pakati penipeni pa bokosi, ndiye muyenera kuiikira mivi yakeyake.

Yambani ndi khomo lachiwiri. Function iliyonse ikhale ndi bokosi lotulukira mwamtendere, ndi lina lotulukira exception imene palibe waigwira. Popanda khomo limeneli, kachida kanu sikadzaona fayilo yosiyidwa pamene function yathawira panja.

Kenako dulani bokosi pa mzere uliwonse umene ungagwe. LLVM, zida zopangira ma compiler (mapulogalamu omasulira code), imachita zomwezi ndi invoke, lamulo lokhala ndi kopita kuwiri: uku zikayenda, uku zikavuta. Mu Python pafupifupi mzere uliwonse ungagwe, ndipo mukadula paliponse mivi imachuluka ngati mawaya a pa msika wa mafoni. Ine ndinayamba ndi kuitana function, kugawa manambala ndi kutenga chinthu mu list kapena dict, basi.

Tsopano apa ndi pamene ndinapunthwa, ndipo ndikupemphani mudekhe napo. Taonani:

matumba = 0
try:
    matumba = werenga(fayilo)
except ValueError:
    lemba(matumba)

Ngati werenga yagwa, matumba akadali 0, chifukwa kuika mtengo watsopano sikunachitike n'komwe. Choncho muvi wopita ku except uyenera kunyamula mmene zinthu zinalili mzerewo usanamalize. Mukautulutsa pansi pa mzerewo, kachida kadzaganiza kuti 0 uja anafufutidwa kale, mwinanso n'kukulangizani kuti mzere woyambawo ngwachabe muuchotse. Mukauchotsa, pulogalamu idzagwera m'kati mwa except momwemo. Soot, chida cha Java chochokera ku yunivesite ya McGill, chimathetsa zimenezi pokoka muvi kuchokera ku mizere yotsogola, ya pamwamba pa wogwawo.

Za mtundu wa exception n'zosavuta. except ValueError imagwiranso ana ake, mitundu yochokera kwa iyo, monga UnicodeDecodeError. Pamene simukudziwa chimene function iponye, kokani mivi iwiri, wina ku except, wina kunja.

Finally, chigawo chimene chimayenda kaya try yatha bwino kaya yagwa, ndiye amafuna mtima wautali. Mumafikamo try ikatha bwino, except ikatha, return akapezeka m'kati, kapena exception ikungodutsa. Poyamba ndinajambula bokosi limodzi lolandira njira zonsezi. Zotsatira zake, graph inayamba kuonetsa njira zabodza: kulowa ndi exception n'kutuluka ngati palibe chachitika. Koperani bokosi la finally, njira iliyonse ikhale ndi lake. Ndi mmenenso javac, compiler ya Java, imachitira, ndipo malamulo akale a jsr ndi ret, olumphira ku bokosi limodzi la finally n'kubwerera, analetsedwa m'ma class file kuyambira Java 7. Graph imakula ndithu, koma imanena zoona.

Musakhulupirire chojambula chanu musanachiyerekeze ndi cha compiler. Kuyambira Python 3.11 ya mu 2022, dis, chida choonetsa malamulo amene compiler yatulutsa, imasindikiza ExceptionTable kumapeto, yosonyeza kuti malamulo kuyambira apa mpaka apa akagwa amalumphira kuti. Ku Java, javap -c imaonetsa tebulo lofananalo. Ine ndinasindikiza tebulolo papepala, n'kumachonga muvi umodziumodzi ndi bolopeni yofiira magetsi atazima.

Nditakonza, kachida kanaloza mzere umodzi: close anali pansi pa werenga m'kati mwa try, ndipo werenga ankagwa kalaliki akalemba kulemera kwa thumba ndi chizindikiro cha koma (,) m'malo mwa kadontho (.). Ndinasamutsira kutsegula fayiloko mu with, amene amatseka fayilo yekha ngakhale exception itachitika. Kanasiyanso kudandaula za open, poti open ikagwa palibe fayilo yoti itsekedwe.