Blender ikudontha? Yambani mwapeza pomwe madzi akutulukira

Nyengo ya mango ikafika mu Lilongwe, kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale, blender sipuma. M'mawa juwisi, masana tomato ndi anyezi wa ndiwo, madzulo phala la mwana. Nthawi yake ndi yomweyi pomwe ambiri amati akanyamula jagi n'kupeza kadziwe pamwamba pa mota, kapena kamzere ka juwisi kakuyenderera patebulo. Ena amangopukuta n'kupitiriza. Kumeneko ndiye kuipha blender, chifukwa madzi akudonthawo akugwera pomwe pali mota ndi mawaya onyamula magetsi a 230V.

Choyamba zulani pulagi pa soketi, osangozimitsa batani. Kenako musathamangire kugula china chilichonse, ngakhale guluu. Malo odonthera alipo anayi okha: pa chivindikiro, pa labala wozungulira amene amakhala pakati pa jagi ndi mipeni, pa mng'alu wa jagi, kapena pakatikati penipeni pomwe kachitsulo kozunguza mipeni kamadutsa. Paliponse pali kakonzedwe kake, ndipo pawiri mwa anayiwa nthawi zambiri simuwononga ngakhale tambala.

Kuyesa ndi tiyi ndi pepala

Chotsani jagi pa mota, muipukute kunja konse ndi pansi pomwe mpaka iume gwaa. Thirani madzi mpaka theka, muonjezere kapu ya tiyi wakuda wozizira kuti madziwo akhale ndi mtundu. Yalani pepala loyera pa mbale yafulati, ikani jagi pamenepo, muisiye mphindi 20.

Mukainyamula, pepala likuuzani. Ngati lanyowa mozungulira ngati mphete, vuto lili pa labala kapena pa kamangidwe ka pansi. Ngati pali dontho limodzi pakati, ndi kachitsulo ka mipeni. Mukaona kamzere katsika m'mbali mwa jagi kuchokera pamalo amodzi, pali mng'alu. Pepala likakhala louma, bwezerani jagi pa mota, yatsani masekondi 20, zimitsani, nyamulani n'kusuzumira pansi ndi m'mphepete mwa chivindikiro. Kudontha kwina kumaoneka pokhapokha mipeni ikamazungulira, chifukwa ndi pomwe madzi amakankhidwa mwamphamvu ndipo jagi imanjenjemera.

Labala, wolakwa nthawi zambiri

Khuthulani madzi, tembenuzani jagi chadodolido, gwirani ndi nsalu chomangira cha pansi, chija chozungulira chomwe chimamangirira mipeni ku jagi, n'kupotokola. Zambiri zimamasuka ngati chitsekero cha botolo, koma zilipo zina zomasukira mbali inayo, choncho yang'anani kamuvi kapena chizindikiro cha loko chomwe amadinda pa pulasitikiyo. Chikakanika, kawirikawiri ndi shuga wouma amene wamata. Imikani jagi m'beseni la madzi ofunda ofika pa chomangiracho kwa mphindi 10, kenako yesaninso. Sipanala ndi hamala zisayandikire: pulasitiki imeneyi ikasweka mwadzipezera vuto lachiwiri. Potulutsa mipeni gwirani kunsi kwake, osati kumasamba akuthwawo.

Tsopano yang'anitsitsani pomwe labala amakhala. Njere imodzi ya tomato kapena ya gwafa, kaya ulusi wa mango wa maboloma utapingasa pamenepo, ndi zokwanira kutsegula njira ya madzi. Tsukani labala, m'mphepete mwa jagi ndi kangalande komwe amalowa, ndi mswachi wakale, sopo ndi madzi ofunda. Zouma zokanirira zimachoka mukapaka soda, yemwe uja wa therere, wosakaniza ndi timadzi pang'ono.

Mukatsuka, mukokeni labalayo pang'ono ndi zala pamalo owala. Wabwino amakhala wofewa, amatamuka n'kubwerera. Akaonetsa timing'alu, akakhala wouma ngati chikopa, wophwatalala mbali imodzi, womata m'manja, kapena wakula moti akungogwa pamalo pake, ntchito yake yatha. Ngati ndi wafulati wofanana mbali zonse ndipo wangodindika mbali imodzi, kumutembenuza kungakupatseni masiku angapo mukufunafuna wina.

Pobwezeretsa ndi pomwe anthu ambiri amasokoneza, makamaka ngati wotsuka ndi wina, womanga ndi wina. Labala ayenera kukhala pakati pa kamwa ya pansi ya jagi ndi mbale ya mipeni (chitsulo chafulati chomwe mipeni imakhalapo), kuti jagi ikhale pa labalayo. Akaikidwa kunsi kwa mbale ya mipeni, ndiye kuti galasi kapena pulasitiki ikukhudzana ndi chitsulo popanda chotseka, ndipo idontha ngakhale labalayo ali watsopano. Mgonekeni bwino, asapindike pena paliponse.

Ndiye pali mazinga, timizere tozungulira tomwe chomangira chimayendamo. Chikalowa mopendekeka chimamveka ngati chathina pomwe mbali imodzi yatsala ndi mpata. Chikhazikeni pamalo pake, chipotokoleni chobwerera m'mbuyo kaye mpaka mumve kuti chagwera, kenako mangani. Chiziyenda mosavuta mpaka kumapeto. Thinitsani ndi dzanja lokha, chikaima onjezerani pang'ono basi. Kuthinitsa kwambiri kumafinya labala mpaka kutulukira m'mbali, ndipo n'kumene kumang'ambitsa zomangira zambiri. Mukatha bwerezani za tiyi ndi pepala zija.

Kukagula wina

Malabala a blender amafanana ndi maso koma amasiyana ndi mamilimita ochepa, ndipo mamilimita omwewo ndi amene amadonthetsa. Musapite chimanjamanja. Tengani labala wakaleyo pamodzi ndi mipeni yake, ngati n'kotheka jagi yomwe, ndipo jambulani pa foni kapepala kamene kali kunsi kwa mota, kolembedwa dzina ndi nambala ya blender. Ngati mukutuma munthu, yezani ndi lula zinthu zitatu: kukula kwa kunja, kukula kwa bowo lamkati, ndi kukhuthala kwake.

Yambirani m'mashopu ogulitsa zamagetsi ku Old Town ndi cha ku msika waukulu wa ku Area 2. Akapanda kupezeka, funsani amisiri okonza maketulo, mafani ndi masimbi m'misika ya m'makwalala monga Kawale, Biwi kapena Nsungwi ku Area 25. Anthu amenewa amasunga mablender opsa mota, ndipo jagi, mipeni ndi chomangira za blender yakufa zimatha kukhala zabwinobwino. Muyese pompo ndi madzi musanalipire. Mukapeza labala watsopano wokwana, gulani awiri.

Tinene za luso lathu lija lodula labala ku chubu cha njinga kapena cha galimoto. Pa mpope wothirira kudimba zimatheka, koma kuno ayi. Chubu sanachipangire zakudya, ndipo chimanunkhitsa juwisi. N'chimodzimodzi silikoni womatira magalasi a mawindo ndi phala lomatira injini: si za m'chakudya, komanso zikauma simudzamasulanso pansipo kuti mutsuke. Tepi yoyera ya mapaipi siithandiza chifukwa chotseka madzi si mazinga, ndi labala. Mafuta odzola a Vaseline nawo amafufumitsa mitundu ina ya labala. Ngati labala watsopano akuvuta kukhazikika, kadontho ka mafuta ophikira ndi kokwanira.

Ikamadontha pakati

Apa nkhani ndi ina. Kachitsulo kozunguza mipeni kamadutsa m'kabowo komwe muli bearing (kachitsulo kothandiza kuti kazizungulira mosavuta) ndi kalabala kakang'ono kotseka madzi. Izi zikatha, madzi amatsika ndi kachitsuloko, ndipo nthawi zambiri amatuluka ofiirira kapena akuda chifukwa asakanikirana ndi girisi ndi dzimbiri. Gwirani mipeni ndi nsalu muigwedeze: ikamagwedera m'mbali, ikamalimba pozungulira, kapena ngati blender yayamba kulira mokukuta kusiyana ndi kale, mwapeza chovuta. Kumbukirani kuti njira yomwe madzi akutsikira ndi yomwenso zakudazo zingakwerere m'chakudya.

Mbali imeneyi amaitseka ku fakitale ndipo sikonzeka pakhomo. Sinthani mipeni yonse pamodzi ndi mbale yake. Pogula werengani mano a kagiya ka kunsi, muone ngati kakukwana pa kagiya ka mota yanu, chifukwa mipeni imatha kukwana pa jagi koma osalumana ndi mota. Pa mablender amene mipeni yake inamangidwira ku jagi, kagiya kameneka nthawi zambiri kamamasukira mbali yosiyana ndi yozolowereka. Ambiri amakathyola pokakamira. Imeneyo pitani nayo kwa mmisiri, kapena fufuzani jagi ina yathunthu.

Mng'alu

Kwezani jagi youma poyang'ana dzuwa, muitembenuze pang'onopang'ono, mukuyendetsa chikhadabo pansi pozungulira ndi pomwe chogwirira chimalumikizana ndi jagi. Chikhadabo chikakodwa, ndi pamenepo. Onaninso chomangira, chifukwa mng'alu wake umatseguka pokhapokha mukathinitsa. Jagi yong'aluka njosintha basi. Guluu wa timachubu uja sapirira kunjenjemera ndi kutentha, amagamphuka n'kulowa m'zomwe mukugaya. Ngati jagi ndi yagalasi ndipo yabenthuka ili mkati mogaya, tayani ndi chakudya chomwe, musasefe.

Chivindikiro

Kutayikira pamwamba kawirikawiri si kuwonongeka, ndi kudzazitsa. Jagi zambiri zapakhomo zili ndi mzere womalizira cha pa malita 1.5, koma zochita thovu monga mkaka ndi malambe zisapitirire magawo awiri mwa atatu. Zotentha ndiye zoopsa: nthunzi imakankha chivindikiro n'kukuthirani phala kumaso. Dikirani zizizire mpaka zofunda, thirani gawo limodzi mwa atatu, chotsani kachitsekero ka pakati pa chivindikiro, vindikirani bowolo ndi nsalu yopinda, yambani pa liwiro lotsika. Zotentha kwambiri zimang'ambanso jagi yagalasi yozizira. Chivindikiro chokhota chosakhala bwino n'chosintha.

Madzi akalowa mu mota

Pulagi ili kunja, pukutani pamwamba ndi nsalu yonyowa pang'ono kuchotsa shuga, apo ayi muitana nyerere ndi mphemvu. Mota zambiri zili ndi kabowo pafupi ndi kagiya kotulutsira madzi otayika; katsekuleni ndi kamtengo ka machesi. Igonekeni chammbali pamalo opita mphepo masiku awiri athunthu musanayese. Musaiviike m'madzi. Ikamanunkha zopsa, ikamathetheka, ikamagwetsa magetsi a m'nyumba kapena kukugwirani mukaikhudza, musaiyatsenso mpaka mmisiri aitsegule.

Kuti zisabwerenso

Chimene chimapha bearing msanga ndi kugaya zouma ndi zolimba mu jagi yaikulu. Nsinjiro ndi soya n'za kachigayo kakang'ono kamene kamabwera ndi mablender ambiri, ndipo mtedzawo muyambe mwausankha, chifukwa kamwala kamodzi kangathe kung'amba jagi ya pulasitiki. Kachigayoko muzikayatsa masekondi pafupifupi 30 n'kukapumitsa. Chiponde chochuluka chisiyireni mtondo. Malambe musawaponyemo ndi njere zomwe: avikeni m'madzi, fikisani, sefani, kenako gayani madzi akewo ndi shuga. Mu jagi yaikulu yambani mwathira zamadzi, zolimba pambuyo, zodulidwa tizidutswa. Mphindi imodzi ikakwana pumitsani mota, ndipo musaiyatse jagi ilibe kanthu, poti kutentha kumaumitsa kalabala ka pakati kaja.

Magetsi akazima muli mkati mogaya, zimitsani batani nthawi yomweyo, kuti akabwera isadzidzimuke yokha chivindikiro chili pambali. Ndipo musasiye tomato kapena juwisi wa mandimu mu jagi kudikira ESCOM. Khuthulirani m'poto. Maola amene asidi akhala pa labala ndi pa bearing akhoza kudzakhala dontho mwezi wamawa.

Mukangomaliza kugaya, thirani madzi ofunda theka ndi kadontho ka sopo, yatsani masekondi 30, khuthulani, tsukuluzani. Izi sizifika pansi pa labala, choncho ngati mipeni yanu imachoka, muzimasula n'kutsuka pamenepo, makamaka mukagaya za mkaka, za njere kapena phala la mwana. Mipeni isagone m'beseni la mbale usiku wonse, madzi amalowa mu bearing n'kuyambitsa dzimbiri. Labala, chivindikiro ndi jagi ya pulasitiki ziumire mumthunzi. Pa thandala ndi dzuwa la mu Okutobala labala amauma n'kuyamba kuthetheka, chivindikiro n'kukhota.

Posunga, mangani chomangira momasuka kuti labala asakhale wofinyika masiku onse. Kuipa kwake n'kwakuti wina akhoza kuthira mkaka osadziwa kuti pansi mposathina, choncho auzeni onse a m'nyumba: musanaike jagi pa mota, thinitsani pansi, thirani kapu imodzi ya madzi, inyamuleni pamwamba pa sinki n'kusuzumira kunsi.