Maluwa m'nyumba chisanu chisanathe: malangizo kwa a kunyanja okhala kunja

Kwathu ku Nkhotakota mtengo ukayoyola masamba timadziwa kuti chilimwe chafika pachimake. Ku Leeds, Dublin kapena South Bend umayoyola chifukwa cha chisanu, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi pawindo mumangoona nthambi zokhazokha. Mu Disembala kumada msanga. Komatu nthambi zooneka ngati nkhunizo mutha kuzichititsa maluwa pabalaza panu, kunja kudakali mbuu.

Duwa la kachitsamba ka forsythia kapena la mtengo wa cherry limene mumaliona mu Malichi ndi Epulo linapangika kale chaka chatha nthawi yotentha, n'kubisala m'mphukira. Limadikira zinthu ziwiri motsatana: lizizidwe mokwanira, kenako limve kufunda. Mitengo yambiri imafuna masabata 6 mpaka 8 a kuzizira kwa madigiri 7 kapena kutsikirapo. N'chifukwa chake mukadula mu Novembala nthambi imangouma m'botolo. Dikirani kumapeto kwa Januwale kapena Febuluwale. Anzathu a ku Johannesburg, kwanu kumazizira mu Juni ndi Julayi ngati kwathu, choncho yesani nthambi za pichesi mu Julayi.

Yambani ndi forsythia, kachitsamba kochita maluwa achikasu m'mipanda ya nyumba zambiri. Sikavuta, pakatha sabata imodzi kapena awiri katsegula. Pussy willow, kamtengo kochita timaluwa taubweya, nayenso safuna zambiri. Cherry ndi apozi zimatenga masabata 2 mpaka 4, magnolia amachedwerapo. Lilac ine ndimati musiyeni kaye, amakhumudwitsa woyamba kumene.

Musadule m'paki kapena m'mbali mwa msewu, mitengo imeneyo ili ndi eni ake. Pemphani kwa eni nyumba kapena aneba. Ambiri sakana, poti amasadzira mitengo yawo nthawi yomweyi.

Amene anadulapo mbewu ya chinangwa dzanja ali nalo kale: mpeni wakuthwa, kudula kamodzi, osaphwanya khungwa. Kusiyana kwake n'kwakuti pano muyang'ane mphukira. Za maluwa zimakhala zonenepa, zobulungira. Za masamba n'zowonda, zosongoka. Sankhani nthambi zotalika masentimita 30 mpaka 60 zodzaza ndi zonenepazo, makamaka tsiku limene kunja sikunaundane. Mukalowa m'nyumba dulaninso kumunsi mopendeketsa, ng'ambani pang'ono tsinde kuti limwe bwino, ndipo chotsani mphukira zonse zimene zimire m'madzi, chifukwa zikaola madzi amanunkha. Ngati muli ndi bafa, zivikeni zonse usiku umodzi m'madzi ofunda pang'ono.

Apa ndiye pamene ife a kunyanja timaphonya. Thupi linazolowera kutentha kwa Okutobala ku Salima, ndiye hita timaitsegula mpaka kumapeto, n'kuganiza kuti nthambi nazonso zikondwa. Ayi ndithu. Mpweya wa hita ndi wouma, mphukira zimafota n'kuyoyoka zisanatsegule. Ikani botolo kapena ndowa m'chipinda chozizirira, cha madigiri 15 mpaka 18, kutali ndi hita komanso dzuwa lolunjika. Sinthani madzi pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo muziwaza timadzi pa mphukira. Zikayamba kuonetsa mtundu, m'pamene muzibweretse pabalaza powala, koma usiku muzizibwezera kozizira kuti maluwa akhalitse. Nthochi ndi maapozi akupsa zisayandikire, zimatulutsa mpweya wa ethylene umene umakalambitsa maluwa msanga.

Kachitsamba ka mumphika nakonso n'chimodzimodzi: kazizidwe kaye panja kapena m'galaja, kenako kalowe pang'onopang'ono, koyamba m'chipinda chozizirira. Kakatha maluwa musakatulutse usiku ukadaundana.

Pussy willow akakhalitsa m'madzi amatulutsa mizu. Mukafuna mtengo wanuwanu musiyeni momwemo, mudzaoke panja mu Epulo. Mukafuna timaluwa taubweyato tikhale miyezi, tayani madziwo akangotsegula, nthambi ziume zili chiimire.