Kusamalira msilikali wakale amene nkhondo inamutsalira m'thupi

Agogo anga aamuna analowa Keyala (KAR, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda) akadali mnyamata. Mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, mvula ikugwa usana ndi usiku. Anabwerera kwathu kwa Santhe ndi kachitsulo ka bomba m'ntchafu ya kumanzere, khutu lakumanzere lomwelo litagontha. Ine ndinawasamala zaka zawo zomaliza. Anzawo a nthawi imeneyo anatha, koma m'midzimu muli ena amene analondera njanji ya ku Nacala kapena abwera ku Congo, ndiye mwina izi zikuthandizani.

Kachitsuloko musalimbane nako. Amalume anabweretsapo munthu woti ateme mphini n'kukayamwa ndi nyanga, bala linatukusira mwezi wathunthu, kachitsulo kali pompo. Adokotala anatiuza kuti kakakhazikika m'mnofu nthawi zambiri amangokasiya. Inu muziyang'ana malowo powasambitsa. Pakatupa, pakatentha kapena kutuluka mafinya, apo ndiye muthamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Mu Juni ndi Julaye, kukazizira, ululu umadzuka. Ndinkaviika nsalu m'madzi ofunda, kufinya, n'kuthowa ntchafuyo madzulo asanagone. Yesani madziwo pamkono panu kaye, chifukwa pachipsera khungu silimva bwino, mungawawotche iwo osadziwa. Panado amakwana. Brufen pamimba yopanda kanthu ayi, amabweretsa zilonda zam'mimba.

Polankhula nawo khalani mbali ya khutu labwino, aziona pakamwa panu. Kukuwa sikuthandiza, kumangowakwiyitsa.

Chovuta kwambiri ndi usiku. Agogo ankadzambatuka akufuula mawu a Chiswahili amene masana sankawalankhula n'komwe. Tsiku lina ndinawagwira phewa kuti ndiwadzutse, anandikantha chigongono pamlomo, dzino linagwedera sabata ziwiri. Kuyambira pamenepo ndinkaima pakhomo, tochi nditalozetsa kudenga, n'kumaitana pang'onopang'ono: "Agogo, muli kwanu kwa Santhe, ndine mdzukulu wanu." Ndinkabwereza mpaka ayankhe okha. Mabingu a mvula yoyamba ankawachitanso chimodzimodzi, choncho mitambo ikada ndinkakhala pafupi. Anawo auzeni zoona, asamati agogo apenga kapena alodzedwa.

Za kunkhondo musawafunse ngati wapolisi. Agogo ankayamba okha, kawirikawiri tikusoka fodya m'chigafa, manja ali pantchito. Akasiyira pakati, inunso siyani.

Ndipo musawatsekere m'nyumba ati chifukwa cha mwendo. Mwendo wosayenda umauma. Tinawasemera ndodo yofika pachiuno, tinakhomanso mtengo wogwirira m'chimbudzi. Kukakhala mganda ndinkawakweza panjinga kupita nawo kubwalo. Ankakhala pampando n'kumadzudzula anyamata kuti mzere wakhota, phazi labwinolo likuponda pansi motsatira ng'oma.